Anabadwa Asanu, Ine Ndinalemba Anayi

Ndiyambe ndi kuulula, chifukwa ndikapanda kutero zonse zimene ndilembe pano zikhala ngati maluwa a pulasitiki oika pamanda. Mbiri imene inawerengedwa pa maliro a apongozi anga aamuna chaka chatha ndinalemba ndine, ndipo munali bodza. Bodza lake linali la liwu limodzi. Ndinalemba kuti malemuwo anabadwa anayi m'banja mwawo, pamene anabadwa asanu. Ndinkadziwa. Eni akewo anali atandipempha ndi pakamwa pawo kuti ndidzalembe asanu, ndi kutchula dzina la wachisanuyo pamaso pa anthu. Mwamuna wanga sakudziwa mpaka lero. Mwezi wamawa tikumanga chiliza, ndipo mtima wanga wakana kukhala m'malo.

Mayina onse m'nkhani ino ndasintha, kupatula limodzi.

Tiwatche a Lorenso. Komatu dzina lenilenilo ankalidziwa ndi a kutchalitchi okha. Kuyambira kudooko mpaka kumsika, dera lonse lathu lino la kwa Malemia, anali a Kaisara. Anali munthu wamtali, woonda, wovala malaya oyera omanga mabatani mpaka pakhosi, ngakhale mu Okutobala pamene dzuwa la ku Nsanje limathamangitsira mbuzi pansi pa ngolo. Ali mnyamata anakhalako zaka zingapo ku seminale, kumene anaphunzira Chilatini ndi mbiri ya mafumu a ku Roma. Unsembe sanaufike. Bambo awo atamwalira anaitanidwa kumudzi, ndipo anabwera ndi buku limodzi lopanda chikuto, limene ankalikulunga m'pepala la shuga ndi kulipachika kudenga. Madzi osefukira analowa m'nyumba imeneyo kangapo, anatenga mphasa, nkhuku, ngakhale chitseko, koma bukulo sanalikhudze.

Pakhonde pawo panali benchi la thabwa limodzi lokhota, lokhazikidwa pa zitsa ziwiri. Linali mbali ya bwato lakale. Makonde ambiri kuno amayang'ana kumtsinje kuti alandire kamphepo, koma benchi la a Kaisara linkafulatira Shire, n'kuyang'ana kumapiri. Pamenepo ndi pamene amuna ankasonkhana ndi bawo madzulo dzuwa likapepa.

"A Kaisara, lero aphedwa ndani ku Roma?" wina ankayamba motero, akufesa nkhomo m'maenje a bawo.

"Khalani pansi, achimwene. Mzere wake ndi wautali kuposa wa kuchigayo."

Ndiye ankayamba. Ankasimba za mfumu ina imene asilikali ake omwe anaipha, kenaka n'kuika ufumu wonse pamalonda ngati ng'ombe ya pamsika, kuti atenge amene atchule mtengo waukulu. Ankasimba za chaka china chimene mafumu anayi anakhala pampando umodzi motsatizana, aliyense akupukuta magazi a mnzake. Anthu ankaseka, ena n'kumati azunguwotu analinso ndi ufiti wawo. Iwo sankaseka kwambiri. Ankakonda kunena kuti mpando ndi chilombo chimene chimayamba kudya achibale a mwini wake, mwiniyo n'kumalizira. Ndipo pa izi sankangolankhula. Anawasankhapo kukhala wapampando wa mphakati wa kutchalitchi, anakana. Komiti ya kumadimba inawafuna, anakana. Ngakhale kusunga kiyi wa mjigo anakana, anthu mpaka kuwanena kuti ndi odzikonda.

Chinanso chimene anthu ankawaseka nacho ndi bwato. Mwana wa munthu amene anali ndi mabwato asanu ndi limodzi owolotsa anthu padooko, koma iwo phazi lawo silinkaponda m'bwato. Chaka china madzi atazinga mudzi, anthu akuthawira kumtunda, iwo anakwera pachulu ndi buku lawo pamutu, n'kukhala pomwepo masiku awiri. Mwamuna wanga anawachonderera mpaka kulira. Anzawo a bawo anati a Kaisara amaopa ng'ona kuposa mmene amaopera Mulungu. Iwo anangoti, "Ndi tenepo," kuvomereza mwa Chisena chawo chija, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndinabwera pamudzi pano kuchokera kwa Lundu, ku Chikwawa, ng'ombe za lobola zitaperekedwa. Mwamuna wanga amagwira ntchito ku esiteti ya nzimbe ndipo amabwera pakutha pa mwezi, apongozi aakazi anamwalira kalekale, choncho amene ndinkawaphikira ndi kuwachapira ndinali ine. Mwa mwambo sitinkayandikana. Ndikawapatsa chakudya ndinkagwada chapatali, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali, "Takhuta, amake Tadala," zikomo wawo wa Chisena. Nkhani zawo za ku Roma ndinkazimvera kuseri kwa mpanda, ndikutsuka mbale.

Mwa nkhani zonsezo inalipo imodzi imene inkabwera kawirikawiri, ndipo ikabwera mawu awo ankatsika. Inali ya mfumu Severo, imene ankaitchula monyadira kuti mnzathu wa ku Africa konkuno, popeza inabadwira kumpoto kwa dziko lathu lino la anthu akuda ndi ofiira. Severo anali ndi ana aamuna awiri, Karakala wamkulu ndi Geta wamng'ono. Pomwalira, kutali ku nkhondo, anawasiyira ufumu onse awiri kuti alamulire pamodzi. Anawalangiza kuti azimvana, azikhutitsa asilikali, ena onse asawalabadire. Koma anyamatawo pobwerera kwawo ndi phulusa la bambo wawo sankadyera pamodzi, aliyense kuopa kuthiridwa mankhwala. Atafika ku Roma anagawa nyumba yachifumu pakati, n'kutseka makomo olumikiza mbali ziwirizo. Anafuna kugawanso dziko lenilenilo, koma mayi wawo Yuliya anawafunsa kuti nanga iyeyo amugawa bwanji.



Akafika apa a Kaisara ankafulumira, ngati munthu wodutsa pamoto. Karakala anapita kwa mayi wake n'kunena kuti watopa ndi udani, awaitane onse awiri kuchipinda kwake, popanda alonda, kuti ayanjane. Geta sakanabwera ataitanidwa ndi wina aliyense, koma kuitana kwa mayi anakukhulupirira. Atangolowa, asilikali amene anabisidwa anatulukira. Geta anathamangira pachifuwa pa mayi wake, ndipo anamubayira pomwepo, mayiyo n'kuvulala dzanja poyesa kumutchinga. Pambuyo pake mayi uja analetsedwa kulira. Karakala anathamangira kwa asilikali kukanena kuti wapulumuka chiwembu, n'kuwakwezera malipiro. Anzake a Geta anaphedwa ambirimbiri. Amisiri anatumidwa ndi zosemera kukafafaniza dzina lake pamiyala yonse, ndipo pa chithunzi china cha banjalo, chimene chilipo mpaka lero, nkhope yake inapalidwa, kungotsala banga.

"Nanga Karakalayo anathera kuti?" a bawo ankafunsa, ngakhale ankadziwa kale, chifukwa mathero akewo ankawakonda.

"Zaka zisanu ndi chimodzi basi. Ali paulendo anatsika pa hatchi kuti akadzithandize m'mbali mwa msewu. Msilikali wake yemwe anamupeza ali chonjuta, n'kumubaya."

Pamenepo chiphwete chinkabuka. "Mfumu ya dziko lonse kufera patchire ngati ife!" Iwo ankangoyang'ana kumapiri.

Tinayambanapo kamodzi kokha, ine ndi iwo, ndipo chinali chifukwa cha mpira. Ndili ndi ana awiri aamuna, Tadala wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi Pempho wa zaka zinayi. Tsiku lina ndinagula mpira umodzi wa pulasitiki kuboma, n'kuwapatsa kuti ndi wa nonse, muzisewera limodzi. Pasanathe ola anali atagwirana pakhosi. Apongozi anga, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anadzuka pabenchi paja.

"Amake Tadala! Ndani anakuuzani kuti chinthu chimodzi amapatsa anthu awiri?"

"Bambo, ndimafuna aphunzire kugawana."

"Kugawana amaphunzira pa zinthu zogawika! Nzimbe mudula, mbatata munyema. Mpira mudula pati?"

Anandilankhula akundiyang'ana m'maso, chinthu chimene mpongozi sachita. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo mumtima ndinati nkhalamba iyi mabuku anaizunguza mutu. M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka kuboma, padzuwa lija, n'kubwera ndi mpira wachiwiri wofanana ndendende ndi woyamba uja. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zimene poyamba sindinkaziona. Masiwiti ankagula awiriawiri, a mtundu umodzi. Nzimbe ankaiyeza ndi luzi asanadule. Akamuyamikira Tadala, ankafunafuna msanga choti amuyamikire nacho Pempho, ngakhale kungoti wakhala bwino pamphasa.

Tsiku limene anandiuza linali la masana, miyezi iwiri asanamwalire. Miyendo inali itatupa, sankafikanso kutchalitchi. Ine ndinali chapatali ndi lichero, ndikusankha mpunga.

"Amake Tadala, ku koleji kuja anakuphunzitsani kulemba mbiri ya pamaliro?"

"Ayi bambo, ife anatiphunzitsa makalata a mu ofesi."

"N'chimodzimodzi. Konseko mumalemba zimene bwana wanena." Anaseka pang'ono, kenaka chifuwa chinawagwira. "Pabanja pano wa pepala ndinu, adzakupatsani ndinu. Ndiye bwana wa mbiri yanga ndine. Tanditsitsireni buku lija."

M'kati mwa bukulo munali chithunzi chakale. Bambo wovala jekete atakhala pampando, mayi wa duku pambali pake, atsikana atatu pansi, anyamata awiri ataima kumbuyo. Wina ndinamuzindikira ndi kutalika kwake. Winayo analibe nkhope. Inali itapalidwa ndi lezala mpaka pepala kuyera. Chimene chinatsala ndi dzanja lake, litagwira phewa la mayi.

"Ameneyo ndi Dumingu," anatero. "Mng'ono wanga. Wopala nkhopeyo ndine."

Analankhula akuyang'ana kumapiri, ine ndikuyang'ana mu lichero. Bambo awo, amene anachokera tsidya lija la Mozambiki, anasiya mabwato asanu ndi limodzi aja m'manja mwa ana awiriwo, kuti ayendetse dooko pamodzi. Lorenso anali ndi sukulu. Dumingu anali ndi mtsinje. Ankadziwa pamene mchenga wasamukira, pamene mvuu yaswera, ndipo ankagwira nkhafi limodzi ndi opalasa, kudya nawo, kuimba nawo. Lorenso akalamula, opalasawo ankayamba ayang'ana kwa Dumingu. Chimenecho ndicho chinamudya. Anayamba kukangana pa chilichonse, mpaka anamanga mpanda wa bango pakati pa bwalo, nyumba ya mayi wawo n'kutsala pamalire penipeni.

Zinali zaka zija, ine ndisanabadwe, pamene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mnzake. Dumingu ankawolotsa aliyense wofika padooko, osafunsa kuti ukuthawa chiyani. Ena mwa owolokawo anali anthu ofunidwa. Lorenso anapita kumene kunkapitidwa masiku amenewo, n'kukamuneneza mng'ono wake ndi mawu ochepa chabe. Dumingu anamva mphekesera zake, n'kuthawira m'zilumba za m'madambo, kumene galimoto silifika. Opalasa ankamupititsira ufa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaulula.

"Ndiye ndinapita kwa mayi," anatero apongozi anga. "Ndinati nkhani ija ndaikonza ndi akuluakulu, yatha. Ndinati ndikufuna tizule mpandawu, tidyere mbale imodzi. Muitaneni, inu akumverani. Mayi anavina, amake Tadala. Anavula duku lawo n'kupatsira wopalasa wina kuti likhale chizindikiro chakuti mawuwo ndi awodi."

Dumingu anafika m'mawa, atanyamula mlamba waukulu wa mayi ake. Amuna anayi anali akudikira m'nyumba ya Lorenso, kuseri kwa mpanda wa bango uja. Atatuluka kuti amukokere ku galimoto lawo, mayi anamugwira mwana wawo m'chiuno, osafuna kusiya, mpaka anthu aja anawamenya zala ndi ndodo. Zala ziwiri sizinawongokenso mpaka imfa yawo.

"Ndinkati amusunga miyezi ingapo, ine ndikhazikike padooko." Anapukusa mutu. "Ayi. Ndisakunamizeni, ndatsala pang'ono kukaonana ndi Mwini wake. Za kubwera kwake sindinaziganizire n'komwe."

Sanabwerenso. Panalibe mtembo, panalibe maliro. Kulira munthu wotengedwa motero kunali kuitana galimoto lomwelo kuti libwerenso, ndipo amene anawauza mayi kuti asalire anali Lorenso yemweyo. Mayiwo ankapita kudimba, kukalirira pakati pa chimanga. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akumuphikira mwana wotsalayo, koma sanamuitanenso ndi dzina. Ankangoti inu. Opalasa aja Lorenso anawawonjezera gawo lawo kuti akhale chete. Analandira, koma anachoka mmodzimmodzi, mabwato n'kuwolera pamtunda. Lomaliza ndi limene anang'ambako thabwa la benchi lija.

"Nkhani ya Geta ndinaiphunzira ndili mnyamata, zonsezi zisanachitike," anatero. "Pa mayeso ndinaposa kalasi yonse. Tsiku limene ndinkapita kwa mayi ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikuponda m'mapazi mwa ndani. Sizinandiletse. Ndiye anthu akamati sukulu imakonza munthu, ine ndimangowayang'ana. Karakala anali ndi mwayi, anasenza zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Ine ndasenza mpaka imvi."

Ndinafunsa chimene chinabwera. "Nanga bwanji osawauza ana anu, bambo?"

"Ndayesa kambirimbiri. Ndikatsegula pakamwa pamatuluka Roma."

Sanandipemphe kuti ndidzanene zonsezi pamaliro. Anapempha chinthu chochepa. Mudzalembe kuti tinabadwa asanu, ndipo mudzatchule mayina onse, lakenso limveke kamodzi kokha pabwalo limene anatengedwera. Ndinavomera. Ndinati, "Ndamva, bambo." Chithunzi chija anandipatsa kuti ndisunge.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Monga ananenera, pepala anandipatsa ndine. Ndinalemba asanu, ndi mayina onse. M'mawa wa tsiku loika, azakhali a mwamuna wanga, a Rozina, chitsirizira m'banjamo ndiponso yekhayo wotsala, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sadziwa kuwerenga, ndiye anati ndiwawerengere. Nditafika pa dzina lija anandigwira mkono mwamphamvu.

"Nkhabe, mwananga. Ayi. Fufuta."

"Azakhali, anandituma okha."

"Ndikudziwa kuti anakutuma. Ukuganiza ine sindilifuna dzinalo? Ndinalipo ine. Mlamba uja ndinautola ndine pafumbi." Misozi inkatsika koma mawu awo sankagwedera. "Tamvera. Pabwalopo pakhala ana a opalasa aja, ndi nkhalamba zina zimene zikudziwa. Akhala chete zaka zonsezi chifukwa ife eni ake tili chete. Dzinalo likatuluka lituluka ndi funso, anapita kuti? Achimwene akufuna kutula katundu wawo, chabwino, koma akutulira pamutu pa yani? Iwo akupita. Otsala ndi Tadala ndi Pempho. Ukufuna kusukulu azikawatcha zidzukulu za wogulitsa mbale wake? Pofunsira mbeta adzawakumbutse?"

Ndinayang'ana ana anga. Anali pafupi ndi chitsime, atavala malaya awo a Lamulungu, akukanganirana chivindikiro cha botolo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pepala lina, ndinalembanso. Mkulu wa mpingo anawerenga mokweza bwino, anabadwa anayi, mwamuna mmodzi ndi akazi atatu. Palibe anatsokomola. Ine ndinali pakati pa azimayi, nditaphimba kumutu, ndikudziwa kuti ntchito ya amisiri a zosemera aja ndaimaliza ndine, ndi bolopeni ya mu ofesi.

Patapita miyezi ingapo a Rozina anabwera kudzacheza, n'kundinong'oneza kuti ndiwaonetse chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chili pa dzanja lotsala lija. Kenaka anandiuza nkhope imene palibe. Anati anali wakuda bii, wa maso oseka, wa mpata pamano akutsogolo. Pempho anadutsa akuthamanga, akuseka, ndipo mawu awo anathera m'kamwa. Mwana wanga wamng'ono ali ndi mpata pamano. Kwathu kulibe wotero, ndipo ndinkadabwa kuti anautenga kuti.

Kuyambira tsiku limenelo ndimadzipeza ndikumuyang'anitsitsa Tadala akamulanda mng'ono wake kanthu. Ndi mwana chabe, ana onse amatero, ndikudziwa. Koma ndimamukalipira kuposa muyeso, kenaka n'kumukumbatira mpaka kudabwa. Sindikudziwa chimene chingawateteze kwambiri, kusadziwa kapena kudziwa. Agogo awo ankadziwa nkhani yonse ya Geta, ndipo sinawaletse.

Benchi lija likadali pakhonde, likufulatirabe mtsinje. A bawo anasamukira pansi pa mtondo wa kumsika, ndipo ndimamva kuti wina akayesa kusimba za ku Roma amasokoneza mayina, anzake n'kumuletsa. Pathabwapo pali malo osalala, akuda, pamene ankakhala, ndipo chiswe chayamba kukwera chitsa cha kumanzere. Nkhuku zimagona pansi pake masana. Msomali wa kudenga umene ankapachikapo buku uli wokha, chifukwa bukulo, ndi chithunzi m'kati mwake, lili pansi pa zitenje m'sutikesi yanga. Mipira iwiri ija inaphwa, ili pakona, yofanana mpaka pano. Benchilo ndi lalitali, anthu atatu amakwanapo, koma ana anga akafuna kukhalapo onse amafuna pamalo osalala paja, ndipo palibenso wodzuka kuti awaweruze.

Mwamuna wanga wandiuza kuti mawu a pachiliza ndilembe ndine. Pamwala sipalembedwa abale a munthu, ndiye pamenepo sindidzanama. Koma ndinalonjeza munthu wakufa, ndipo ndinasankha ana amoyo. Dzina limene sindinasinthe m'nkhani ino mwaliona. Ndalilemba pano, kutali ndi bwalo limene iwo ankafuna kuti limvekere, kwa anthu amene simunamudziwe. Kodi zikukwanira? Inu amene muli ndi ana aamuna awiri ogona mphasa imodzi, mukanakhala kuseri kwa nyumba kuja, dzanja la a Rozina lili pamkono panu, mukanalemba angati? Ndiuzeni, kodi ndinachita bwino?